Bizinesi ikagwa m'ngongole, lamulo limagwira ndani?

Munthu akaganiza zoyamba bizinesi yaing'ono, funso la zamalamulo lomwe limayamba kumubwerera ndi la mapepala: ndikalembetse kuti, pafunika ziphaso zingati? Funsoli ndi loyenera, koma pali lina lofunika kukhala patsogolo pake. Tsiku lomwe zinthu zidzavute, ngongole itakula, wantchito atavulala, kapena kasitomala atapita kukasuma, khoti lidzagwira ndani? Mwini bizinesi, kapena bizinesiyo? Pafupifupi nkhani zonse za malamulo a bizinesi yaing'ono zimatuluka m'funso limeneli.

Ndalama zolembetsera, maofesi ake ndi masiku operekera mapepala zimasiyana dziko ndi dziko, ndipo zimasinthasintha. Maziko ndiwo amafanana kwambiri, makamaka m'mayiko omwe anatengera malamulo a ku England pa nthawi ya atsamunda. N'chifukwa chake milandu yakale ya kumeneko ikuphunzitsidwabe m'masukulu a zamalamulo ku Africa, ku Asia ndi kwina.

Tiyambe ndi munthu wochita bizinesi payekha. Pamaso pa lamulo, iye ndi bizinesi yakeyo ndi munthu mmodzi. Phindu lonse ndi lake, ngongole nazonso ndi zake zonse. Akalephera kubweza, womukongoza atha kupita kukhoti, ndipo akawina mlandu amalanditsa katundu wa m'sitolo. Katunduyo akapanda kukwana, amafika ku ndalama za kubanki, galimoto, mwinanso nyumba imene. Umu ndi momwe anthu ochuluka padziko amapezera chakudya cha tsiku ndi tsiku. Bungwe la International Labour Organization linanena mu 2018 kuti anthu 2 biliyoni, omwe ndi oposa 60 mwa anthu 100 aliwonse ogwira ntchito padziko lonse, ali m'ntchito ndi malonda omwe dongosolo la boma silinawalembe mokwanira. Kusalembetsa sikumubisa munthu ku ngongole. Wosalembetsa amasumiridwa ngati wina aliyense, kungoti iye akafuna kusumira mnzake, umboni umamusowa.

Pali chinthu chimodzi chomwe chasocheretsa anthu ambiri. Kulembetsa dzina la bizinesi si kupanga kampani ayi. Chiphaso cha dzina chimangodziwitsa anthu kuti amene akuchita malonda ndi dzina lakutilakuti ndi uje. Chimathandiza potsegula akaunti kubanki komanso pofunsira makontirakiti, koma sichiteteza katundu wanu wa kunyumba ngakhale pang'ono.

Kampani ndi chinthu china. Lamulo limaiona ngati munthu payokha, wosiyana ndi eni ake. Imagula, imagulitsa, imakongola, imasuma ndi kusumiridwa m'dzina lake. Mawu oti Limited kapena Ltd kumapeto kwa dzina amachenjeza aliyense wochita nayo malonda kuti eni ake sangataye zoposa zomwe anaika, kapena analonjeza kuika, pogula masheya. Ku Britain lamulo lotsegula khomo limeneli kwa anthu wamba linabwera mu 1855, ndipo Germany inakhazikitsa GmbH, mtundu wa kampani woyenerera mabizinesi ocheperapo, mu 1892. Koma chomwe chinakhazikitsa mfundoyi kwenikweni ndi mlandu wa munthu wina wosoka nsapato.

Aron Salomon ankagulitsa zikopa ndi kupanga nsapato ku London. Mu 1892 anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani. Lamulo la nthawiyo linkafuna eni masheya osachepera 7, choncho mkazi wake ndi ana ake asanu analandira sheya imodziimodzi, iye n'kukhala ndi masheya 20,001 mwa 20,007. Bizinesi yake yomweyo anaigulitsa ku kampaniyo, ndipo gawo lina la mtengo, mapaundi 10,000, linalembedwa ngati ngongole yomwe kampani iyenera kumubwezera, chikole chake chili katundu wa kampaniyo. Sipanapite nthawi, malonda anavuta, kampani inagwa, ndipo zotsala sizinakwane kulipira ena omwe anaikongoza popanda chikole. Woyang'anira kutsekedwa kwa kampani, poyankhulira okongozawo, anati kampaniyi ndi Salomon yemweyo, wangosintha dzina, ndiye alipire iyeyo. Makhoti awiri oyamba anagwirizana ndi woyang'anirayo. Koma mu Novembala 1896 khoti lalikulu la House of Lords linagamula kuti kampani yolembetsedwa motsatira lamulo ndi munthu payokha, ngakhale masheya pafupifupi onse atakhala a munthu mmodzi. Salomon sanayenere kulipira ngongole za kampani ndi ndalama za m'thumba mwake.

Chigamulochi chinapweteka anthu osalakwa, omwe anapereka katundu wawo ndi mtima umodzi n'kutsala manja ali m'khosi. Zimenezo tisazibise. Komabe popanda mfundo imeneyi, ndi ochepa omwe akanalimba mtima kuika mpamba wawo m'chinthu chatsopano, podziwa kuti chikalephereka banja lonse ligona panja.

Kampani ili ngati mpanda pakati pa chuma cha bizinesi ndi chuma cha mwini wake, ndipo chomwe eni mabizinesi amaiwala n'choti mpanda umatchinga mbali zonse ziwiri. Mu 1925 khoti lomwe lija linaweruza mlandu wa Macaura, mwini malo ku Ireland, yemwe anagulitsa mitengo yake ku kampani yomwe masheya ake anali ake omwe. Mitengoyo anaigulira inshulansi ya moto, koma m'dzina lake, osati la kampani. Moto utawononga mitengo, a inshulansi anakana kulipira, ndipo khoti linati akunena zoona: mitengo sinalinso ya Macaura, inali ya kampani. Kusiyana komweku kunathandiza banja lina ku New Zealand. Geoffrey Lee anali ndi masheya 2,999 mwa 3,000 a kampani yothira feteleza m'minda ndi ndege, anali mkulu wake, komanso ndiye ankaulutsa ndegeyo. Atafa pa ngozi mu 1956, mkazi wake anapempha chipukuta misozi chomwe chimaperekedwa munthu akafera pantchito. Mu 1960 khoti la Privy Council la ku London, lomwe pa nthawiyo linkamva apilo ya milandu ya ku New Zealand, linavomera kuti Lee anali wantchito wa kampani yake yomwe.

Chitetezo cha kampani chimatha mosavuta kuposa momwe anthu amaganizira, ndipo nthawi zambiri amachithetsa ndi mwini wake, ndi cholembera chake. Banki ikamakongoza kampani yaing'ono, kawirikawiri imafuna mwiniyo asaine pepala lolonjeza kuti kampani ikalephera, adzabweza iyeyo. Eni nyumba zochititsa lendi ndi ogulitsa katundu pangongole amafunanso zomwezo. Siginecha imodzi imeneyo imamubwezera munthu pomwe anali asanapange kampani. Sindikuti musasaine, chifukwa popanda kutero ngongole yambiri simungaipeze. Koma pemphani kuti lonjezolo likhale ndi malire a ndalama ndi a nthawi, osati lokuta ngongole zonse za lero ndi zam'tsogolo. Ndipo mkazi, mwamuna kapena m'bale yemwe wapemphedwa kusainira nawo, kapena kupereka nyumba yake ngati chikole, ayambe wamva malangizo a loya wina wapadera, payekha, mwini bizinesi kulibe.

Njira ina yotayira chitetezochi ndi kusakaniza ndalama. Mkulu wa kampani amene amatapa mu akaunti ya kampani kukalipira zofuna za kunyumba, osalemba kuti ndi malipiro, phindu la masheya kapena ngongole, akutenga ndalama za munthu wina. Kampani ikadzagwa, woitseka adzazifuna ndalamazo. M'mayiko ambiri mkulu wa kampani amene akupitiriza kukongola akudziwa kuti kampani singathenso kubweza atha kulamulidwa kulipira ndi chuma chake. Makhoti salolanso kuti kampani ikhale pobisalira lonjezo lomwe munthu anachita kale. Mu 1933, pa mlandu wa Gilford Motor Company ndi Horne, mkulu wina yemwe analonjeza kuti akachoka ntchito sadzakopa makasitomala a abwana ake akale anatsegula kampani kuti iwakope m'malo mwake, ndipo khoti linaletsa onse awiri, iye ndi kampaniyo. Samalaninso ndi tsiku: mgwirizano womwe mwasaina m'dzina la kampani isanalembetsedwe, kawirikawiri umamanga inuyo, poti pa tsikulo kampani kunalibe.

Kodi ndiye aliyense atsegule kampani? Ayi. Kampani imafuna mabuku a ndalama olongosoka, mapepala opereka ku kaundula chaka ndi chaka, ndi msonkho wakewake. Wogwira ntchito ndi manja ake, wopanda antchito ndi ngongole zikuluzikulu, atha kuyenda bwino payekha ndi inshulansi yoyenera. Nthawi yoganizira kampani imafika pomwe mwayamba kulemba antchito, kutenga katundu wambiri pangongole, kusaina makontirakiti aakulu, kapena kuitana ena kuti aike ndalama.

Pomwe pamandidetsa nkhawa kwambiri ndi pa bizinesi ya anthu awiri kapena atatu ogwirizana, chifukwa iyi imabadwa popanda aliyense kusaina kanthu. Lamulo la ku Britain la Partnership Act la 1890, lomwe mayiko ambiri analitengera, limati anthu akamachitira limodzi bizinesi ndi cholinga chopeza phindu, ndiye kuti ali kale mumgwirizano wa bizinesi. Kuyambira pamenepo, aliyense wa iwo atha kumanga anzake pa malonda a masiku onse a bizinesiyo. Mnzanu akatenga katundu pangongole m'dzina la bizinesi inu osadziwa, ngongoleyo ndi yanunso, ndipo iye akasowa ndalama kapena akasowa iye mwini, wokongoza amabwera kwa amene ali ndi katundu wooneka.

Ngati simunagwirizane mwina, lamulo limakugawirani lokha. Phindu limagawidwa mofanana, ngakhale wina anaika mpamba wochuluka. Palibe amene ali ndi ufulu wolandira malipiro chifukwa chogwira ntchito m'bizinesimo, ngakhale atakhala kuti ndiye amatsegula m'mawa ndi kutseka usiku mnzake ali ku ntchito ina. Ngati simunaike nthawi yomwe mgwirizano udzathere, aliyense atha kuuthetsa pongodziwitsa anzake. Mmodzi akamwalira, mgwirizano umatha. Malamulowa si oipa, koma sanalembedwe poganizira inu, ndipo sikawirikawiri kuti afanane ndi zomwe anthu awiri anali nazo m'mitima.

Anthu amaopa kulemba mgwirizano ndi m'bale kapena bwenzi poganiza kuti kutero n'kumukayikira. Ine ndimaona kuti nthawi yomwe mukukondana ndi yomwe mungagwirizane mwachilungamo za tsiku lomwe mudzasiyane maganizo. Pepalalo siliyenera kukhala lalitali. Linene zomwe aliyense waika, kaya ndalama, zipangizo kapena ntchito. Momwe phindu ndi kuluza zidzagawidwire. Ndalama zomwe mmodzi angagwiritse ntchito popanda kufunsa mnzake. Ndiponso, chofunika koposa, zomwe zidzachitike wina akafuna kuchoka, akadwala kwa nthawi yaitali kapena akamwalira. Gawo lake adzagula ndani, mtengo wake adzawerengera ndani? Eni kampani awiri omwe ali ndi masheya theka ndi theka nawonso amafunika pepala lotere, chifukwa akakangana palibe amene angapose mnzake pa voti, ndipo kampani imangoima.

Za migwirizano ndi makasitomala kapena ogulitsa katundu, pali mfundo ziwiri zomwe zimaoneka ngati zikutsutsana. Yoyamba, mgwirizano wapakamwa nawonso ndi mgwirizano, kupatula pa zinthu zina monga kugulitsa malo ndi kulonjeza kubweza ngongole ya wina, zomwe mayiko ambiri amafuna zilembedwe. Vuto la wapakamwa ndi umboni. Masiku ano uthenga wa pafoni kapena imelo yotsimikizira mtengo, kuchuluka kwa katundu ndi tsiku lolipira zimatha kukhala umboni kukhoti, ndiye kutumiza uthenga wotero mukangomaliza kukambirana ndi chizolowezi chabwino. Yachiwiri, zomwe mwasaina zimakumangani ngakhale simunawerenge. Mu 1933 mayi L'Estrange, yemwe anali ndi malo odyera ku Wales, anagula makina ogulitsira ndudu omwe sanagwire bwino ntchito. Pa pepala lomwe anasaina panali mawu ang'onoang'ono ochotsera wogulitsa udindo, ndipo mu 1934 khoti linati poti anasaina, mawuwo akumumanga. Kuyambira nthawi imeneyo mayiko ambiri akhazikitsa malamulo oteteza ogula wamba ku mawu obisika otere, koma bizinesi ikamagula kwa bizinesi inzake chitetezocho chimachepa. Lamulo limaganiza kuti wamalonda amawerenga.

Ngongole zomwe ena ali nazo kwa inu nazonso zimakalamba. Ku England, mwachitsanzo, mlandu wa mgwirizano wamba uyenera kuyambika pasanathe zaka 6, ndipo mayiko ena ali ndi malire awoawo. Mayiko ambiri alinso ndi makhoti a milandu ing'onoing'ono ya ndalama komwe munthu amatha kudziyankhulira popanda loya.

Tsiku lomwe mwalemba wantchito woyamba, mwalowa m'malamulo ena ambiri nthawi imodzi: malipiro ochepetsetsa ololedwa, maola a ntchito, tchuthi, chitetezo pamalo a ntchito, ndi njira yoyenera yochotsera munthu ntchito. Pa kuchotsa ntchito, malamulo a mayiko ambiri amafuna zinthu ziwiri, chifukwa chomveka ndi mwayi woti munthuyo adziyankhire. Olemba ntchito ambiri amaluza milandu chifukwa cholumpha chachiwirichi, ngakhale wantchitoyo analakwadi. Ena amayesa kuzemba zonsezi pomutcha munthu waganyu kapena wodziyimira payekha. Makhoti sayang'ana dzina lomwe lalembedwa papepala, amayang'ana momwe ntchito ikuyendera: amaika maola ndani, amaika mtengo ndani, zipangizo ndi za ndani, munthuyo angakane ntchito kapena kutumiza wina m'malo mwake? Mu 2021 khoti lalikulu la ku Britain linagamula kuti madalaivala a Uber omwe anasuma anali oyenera malipiro ochepetsetsa ndi tchuthi cholipidwa, ngakhale mapepala a kampaniyo ankawatcha odziyimira paokha. Dziwaninso kuti wantchito wanu akavulaza munthu kapena kuwononga katundu wa wina ali pantchito yanu, wosumiridwa atha kukhala inu.

Udindo umafika ngakhale kwa anthu omwe simunachite nawo mgwirizano uliwonse. Mu 1928, ku Paisley m'dziko la Scotland, May Donoghue anamwa chakumwa cha m'botolo chomwe mnzake anamugulira, ndipo anadandaula kuti munali nkhono yowola, n'kudwala. Sanagule yekha, ndiye panalibe mgwirizano woti asumire. Mu 1932 House of Lords inagamula kuti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala munthu amene adzagwiritse ntchito katunduyo kumapeto. Aliyense wopanga zakudya, mafuta odzola, mipando kapena wolumikiza magetsi ali m'manja mwa mfundo imeneyi. Ndipo kampani siphimba munthu pa kusasamala kwa manja ake: amene walumikiza molakwika mawaya atha kusumiridwa iyeyo pamodzi ndi kampani yake. Apa chothandiza ndi inshulansi, yolembedwa m'dzina loyenera.

Ziphaso zochitira malonda ndi nkhani yosiyana ndi kulembetsa. Kulembetsa kumanena kuti ndinu ndani, laisensi imanena ngati mukuloledwa kuchita chinthu chakutichakuti pamalo akutiakuti. Zakudya, mankhwala, mowa, kunyamula anthu, kukongoza ndalama ndi kusamalira ana pafupifupi kulikonse zimafuna chilolezo chapadera. Funsani musanasaine lendi ya nyumba, chifukwa lendi imayenda ngakhale chilolezo chitakanidwa.

Pa msonkho, chofunika kumvetsa n'choti si ndalama zonse zolowa mu akaunti yanu zomwe zili zanu. Msonkho wa VAT, womwe unayambira ku France mu 1954 ndipo lero uli m'mayiko oposa 150, mumautolera kwa ogula m'malo mwa boma. Msonkho ndi ndalama za penshoni zomwe mwadula pa malipiro a antchito nazonso mwangosungira ena. Bizinesi ikapanikizika, ndalama zimenezi ndi zomwe zimayamba kudyedwa, poti mwini wake sabwera pakhomo tsiku lomwelo. Koma ndi ngongole yomwe imakula ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja, ndipo m'mayiko ambiri akuluakulu a kampani amatha kufunsidwa kuibweza ndi chuma chawo. Malisiti ndi mainvoisi sungani kwa zaka zonse zomwe lamulo la dziko lanu likufuna.

Dzina nalo ndi katundu. Kulembetsa kampani kumangoletsa wina kulembetsa kampani ya dzina lomwelo, sikukupatsani umwini wa dzinalo pa katundu wa pamsika. Umwini umenewo umabwera polembetsa chizindikiro cha malonda, chomwe m'mayiko ambiri chimakhala zaka 10 ndipo chimawonjezedwa. Chimagwira ntchito m'dziko kapena m'chigawo chomwe mwalembetsamo basi. Ndipo ngati chizindikirocho anakujambulirani munthu yemwe si wantchito wanu, umwini wa chojambulacho nthawi zambiri umatsala kwa iye mpaka atakupatsani molemba.

Kutseka bizinesi nako kuli ndi malamulo ake. Kukhoma chitseko sikuthetsa kampani. Imakhalabe m'kaundula, mapepala a chaka ndi chaka akufunikabe, zindapusa zikuwunjikana, mpaka itachotsedwa mwalamulo. Ikagwa ndi ngongole, ndalama zotsala zimagawidwa motsatira ndondomeko yoikika: kawirikawiri okhala ndi chikole ndi omwe lamulo limawaika patsogolo, monga antchito pa malipiro awo, amayamba kulandira, kenako okongoza wamba, eni masheya pomalizira. Mkulu wa kampani amene, ataona kuti zinthu zatha, athamangira kubweza ngongole ya m'bale wake kapena kusamutsira galimoto ya kampani m'dzina la mkazi wake, amapatsa woitseka chifukwa chopita kukhoti kukabweza zonsezo, ndipo m'mayiko ena amaletsedwa kuyendetsanso kampani kwa zaka zingapo.